Mayina Khumi pa Mpweya Umodzi

Ku Yeruham, katauni ka m'chipululu komwe mphepo imakuthirira mchenga mu tiyi usanamwe, panalibe munthu wosawadziwa mawu a Mayi Zohara Elkayam. Nkhope mwina ukanaiwala, poti anali munthu wamfupi wolekeza pachifuwa pa anzawo, koma mawu ayi. Akapereka moni kumsika, anthu odikira basi kutsidya kwa msewu ankayankha nawo.

Anabadwira m'mudzi wa kumapiri ku Moroko. Kuno anabwera ali kamtsikana, pa sitima ya pamadzi, kenako pa lole imene inawatsitsa pamchenga n'kutembenuka msangamsanga anthu asanasinthe maganizo. Sukulu anangoilawa. Atangoyamba kulumikiza zilembo mayi awo anadwala, ndipo panali azing'ono awo oti asambitsidwe. Anakwatiwa, anasoka matawulo kufakitale mpaka fakitaleyo inatsekedwa, anabereka ana asanu ndi mmodzi amene onse anathawira kumizinda yokhala ndi mitengo. Zonsezi anazichita akuyankhula. Mzamba wina amalumbira kuti pobadwa mwana wachitatu, Mayi Zohara ankamufotokozera kaphikidwe ka nsomba ya tsabola, ndipo anangoima pang'ono kuti mwanayo adutse.

Vuto linali kusunagoge. Amuna amakhala pansi, pafupi ndi mipukutu ya malemba. Amayi amakwera masitepe n'kukakhala m'chipinda cha m'mwamba, kuseri kwa matabwa a timabowo. Sabata lililonse pemphero likafika pakati, kumwambako kunkayamba kaphokoso konong'onezana, kenako nkhani yeniyeni, ndipo mawu otsogolera aliyense ankawazindikira. Pamenepo woyang'anira sunagoge ankamenya tebulo ndi chikhatho, pha! pha! "Amayi kumwambako, chete!" Woyang'anirayo anali Bambo Amram, mwamuna wawo. Anamenya tebulo limenelo zaka makumi anayi osatopa. Pobwerera kunyumba ankadya bwinobwino chakudya chophikidwa ndi munthu amene amukalipirayo, n'kupempha chowonjezera.

Anthu ankaseka, Mayi Zohara nawonso ankaseka nawo. Koma tinene zoona, zinkawapweteka mumtima. M'nyumba ya Mulungu, mawu okhawo amene munthu anawauzapo iwo pa moyo wawo wonse anali akuti atseke pakamwa. Ankalakalaka tsiku limodzi lokha loti atsegule pakamwa m'nyumba imeneyo, anthu n'kutchera khutu. Izi sanauzeko munthu, ndipo chinali chinthu chokhacho chimene sanauzeko munthu.

Kenako kunabwera Tehila, mphunzitsi wachitsikana wochokera ku Yerusalemu, amene anakwatiwa m'tauni muno. Iye anayambitsa gulu la amayi lophunzira malemba, lokumana mwezi ukaoneka, m'kachipinda ka kuseri kwa sunagoge. Mayi Zohara sanapiteko kukaphunzira. Anapita kukasiya mbale ya makeke, poti ankaona kuti mwanayo waonda kwambiri ndipo apongozi ake alibe manyazi. Anakhala pampando kuti apumitse miyendo. Tehila anawerenga chiganizo chimodzi, n'kudzutsa mutu.

"Azakhali, inu mukuti bwanji pamenepa?"

Mayi Zohara anacheuka kuti aone amene akufunsidwayo. Kumbuyo kwawo kunali khoma.

Anayankha mpaka tiyi anazizira. Palibe anamenya tebulo. Choposa apo, Tehila anawatsutsa, nawo anamutsutsa, iye n'kutsegula buku lina n'kuwaonetsa kuti mkulu wina wakalekale ananenanso zomwe iwo akunenazo. "Ameneyo anali wanzeru," anatero Mayi Zohara. Mwezi wotsatira anabwera ndi mbale ziwiri ndi magalasi a maso.

Chikondwerero cha Purimu chikuyandikira, Tehila anabwera ndi nkhani yoti chaka chino amayi awerenge okha mpukutu wa chikondwererocho, pansi penipeni, amuna akamaliza kuwerenga kwawo kwa m'mawa. Rabi, mphunzitsi wamkulu wa sunagoge, anali atafufuza m'mabuku ake, atakanda ndevu, n'kuvomera kuti amayi akhoza kuwerengera amayi anzawo. Mpukutuwo ndi uja wosimba za mdani amene anafuna kutitha tonse, dzina lake lifafanizidwe, uja akangotchulidwa anthu amapondaponda pansi ndi kuliza chilichonse cholira. Chakumapeto kwake kuli mayina a ana ake khumi. Mwambo wake ndi wakuti mayina khumiwo amawerengedwa pa mpweya umodzi, osapumira pakati, chifukwa eni akewo anatsirizika nthawi imodzi.

"Pamenepo mupatseni Zohara," anatero Perla, mnzawo wa pamakina osokera amene ankakhala khomo loyandikana nalo. "Ine ndakhala naye zaka zonsezi, sindinamuonepo akupuma."

Chipinda chonse chinafa nacho chiseko.

"Iwe Perla, usandiyambe," anatero Mayi Zohara. "Ine kuwerenga kwanga n'kwa pa paketi ya mpunga."

Koma mtima unali utayamba kale kugunda ngati wa mtsikana, ndipo Tehila anaona.

"Malamulo ndi awiri, azakhali," anatero. "Maso asachoke pa mpukutu. Ndipo dalitso loyamba likangonenedwa, palibe wonena mawu ena mpaka kumapeto, kaya wowerenga kaya womvera."

"Ngakhale amodzi?"

"Ngakhale amodzi."

"Nanga wina akandiputa, mwana wanga?"

"Mumeza."

"Ayi ndiye tifa," anatero Perla.

Mpukutu woti awerengewo unali wa Bambo Amram, wosiyidwa ndi atate awo, amene anauwolotsa nyanja ataukulunga m'bulangete. Mayi Zohara anadikira kuti mwamuna wawo amalize kudya, poti munthu wanjala sapemphedwa kanthu.

"Mpukutu wa atate anga?" anatero Bambo Amram atamva. "Ugwiridwe ndi manja onunkha adyo?"

"Adyo yemweyo ndi amene wakusungani mpaka lero, abambo. Mwanyambita mbale pompano."

"Agogo anga sanaonepo zoterezi."

"Agogo anu sanaonepo firiji, koma inu mumaitsegula kambirimbiri."

"Ndakana."

"Chabwino. Tikabwereka kwa Atunisiya."

Bambo Amram anatsamwa ndi tiyi. Sunagoge wa Atunisiya ali kutsidya kwa msewu, ndipo pa zaka zonsezi bamboyu anali asanapondemo phazi.

"Kwa Atunisiya? Anthu opemphera ngati akutsatsa mavwende? Tauni yonse imve kuti mkazi wa Amram wapita kukapempha mpukutu kwa Atunisiya?" Anapukuta ndevu zonyowazo. "Tengani. Koma ndikuchenjezeni, Zohara. Mayina khumi aja rabi mwiniwake amafika nawo kumapeto maso atatuluka. Inu mukakomokera pa lachinayi, anthu adzakusekani mpaka Pasika, ndipo ine ndidzakana kuti ndimakudziwani."

Tsiku loyamba kuyeserera, Mayi Zohara anakomokera pa lachitatu. Apa m'pamene chinsinsi chawo chinaululika. Tehila anawayang'anitsitsa akucheza, n'kuzindikira kuti mayiwo amapuma ndithu ngati munthu wina aliyense, kungoti amayankhula potulutsa mpweya, amayankhulanso poukoka. Mapapo awo anali wamba, a mayi wachikulire amene wakwera masitepe ndi zikwama za kumsika moyo wake wonse. Komanso mayinawo si a kwathu kuno. Ndi mayina okhotakhota, oti lilime limapunthwa pakati n'kudzuka litaiwala kumene limapita.

Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Mayi Zohara anasiya ndudu ija ankasuta pakhonde Sabata likatha, imene banja lonse linkanamizira kuti silikuidziwa. Namwino wa kuchipatala anawauza kuti azifufuma mabaluni, ndiye nyumba inadzaza mabaluni, pabalaza, kukhitchini, mpaka m'bafa. Bambo Amram anakhalira limodzi atanyamula kapu ya tiyi, linaphulika, ndipo anthu a m'nyumba ya pansi anathamangira kubisala poyesa kuti ndi bomba. Perla ankawamva kudzera kukhoma m'mawa uliwonse, akung'ung'udza mayina achilendo uku akusenda mbatata, kenako zii, kenako wefuwefu, kenako mawu ena osayenera kulembedwa.

Kuti lilime lizolowere, anapeza nzeru yawoyawo. Dzina lililonse analipatsa nkhope ya mwamuna wa musunagoge amene anawayang'anapo ndi diso loipa. Loyamba linali la wogulitsa nyama, lachiwiri la mkulu uja wogona pa ulaliki koma n'kudzuka kuti akalipire amayi, mpaka onse khumi anakwana, ena n'kutsala. Zinathandiza kwambiri, kungoti tsiku lina analowa mubutchala n'kumupatsa moni mwini wake ndi dzina latsopanolo. Bamboyo, munthu wodziwa malemba, anaima ndi mpeni m'manja kukamwa kuli yasa. Nkhani inafika kunyumba madzulo omwewo.

"Ndamva kuti mwagawa mayina," anatero Bambo Amram. "Langa ndi liti?"

"Mayina ndi khumi okha, abambo. Inu mwatsala panja."

Anthu amati bamboyo anakhumudwa pang'ono.

Masiku akutha, anali akufika pa lachisanu ndi chitatu, tsiku labwino pa lachisanu ndi chinayi. Lakhumi linkangowaonekera patali. Tsiku lina analira kukhitchini, mpukutu wophunzirira uli patebulo, poganiza kuti mwina mwamuna wawo ananena zoona, kuti munthu amene anasiya sukulu asanadziwe kulemba bwino dzina lake alibe malo pa tebulo lija. Kulirako kunawatsitsa mawu. Anayesanso motsitsa choncho, mofulumira, ngati munthu wouza mnzake chinsinsi pamaliro, ndipo anangozindikira afika pa lakhumi mpweya ukadalipo. Anayesanso, zinathekanso. Mawu aakulu ndi amene ankawathera mpweya.

"Zitheka, azakhali," anatero Tehila atamva. "Amayi tidzaunjikana pafupi ndi tebulo, tonse tidzamva. Musadzakweze mawu basi."

"Wamva, Perla? Ndikuwerenga monong'ona."

"Ndidzaitana ana anga adzaone," anatero Perla.

M'mawa wa Purimu amuna anamaliza kuwerenga kwawo n'kutuluka, ena akung'ung'udza, ena akunamizira kufunafuna zipewa kuti aone zimene zichitike. Amayi analowa atanyamula maseche, zivundikiro za mapoto ndi masipuni. Perla anali atavala chipewa cha apolisi cha mdzukulu wake, poti pa Purimu anthu amavala zoseketsa. Mayi Zohara pansipo anali atapondapo kambiri, koma nthawi zonse atanyamula chidebe ndi chokolopera Pasika akayandikira. Tsiku limeneli anavala diresi la ukwati wa mwana wawo womaliza, ndipo sankadziwa poika manja.

Bambo Amram anayala mpukutu patebulo, anausalaza, n'kukoka mpando wawo wa masiku onse.

"Amram, tiyeni," anatero rabi ali pakhomo. "Simungakhale pakati pa amayi."

"Mpukutu wa atate anga sindiusiya wokha."

"Ndiye kwerani kumwamba."

Bambo Amram anayang'ana rabi, anayang'ana masitepe. Kumwambako anali atakwerako kukasintha babu basi, pakati pa mlungu m'nyumba mulibe munthu. Anakwera akudandaula za mawondo, ndipo amayi onse anamvetsera phazi lililonse mpaka mpando unalira kuseri kwa matabwa.

Tehila ananena dalitso, amayi anavomera, kuwerenga kunayamba. Ankalandizana, wina gawo ili, wina gawo ilo. Dzina la mdani uja likatchulidwa, zivundikiro zinkalira moti njiwa za padenga zinasamuka. Pakati pa phokosolo, kumwamba kunkamveka kukhosomola, kenako mpando ukukokedwa, kenako ukukokedwanso kufupi ndi matabwa. Palibe anasamala. Mayi Zohara sankamva n'komwe. Ankangoona mpukutu ukufunyululidwa pang'onopang'ono kuyandikira malo awo.

Nthawi inakwana. Tehila anawagwira pachigongono n'kuwaimika patsogolo pa tebulo, pa kabokosi kamene anawaikira kuti afikire. Amayi anasendera pafupi, mitu inaunjikana. M'nyumba monse munangoti zii, ndipo bata limenelo linali lodikira iwo. Anawerenga mizere yoyamba ndi kamawu kawo katsopano kaja. Atafika pamwamba pa mayina, anakoka mpweya mpaka mabatani a diresi anadandaula, n'kuyamba. Loyamba, lachiwiri, lachitatu, bwinobwino, lachinayi.

"Kwezani mawu, Zohara!" Mawu anachokera kumwamba. "Kuno sikukumveka kanthu!"

Mpweya wonse unatuluka, phuu.

Bambo Amram anapirira pamene ankawerenga akazi a eni ake, koma pa mkazi wawo mtima unawakanika. Iwo anali atamva kale kuwerenga kwa amuna, choncho lamulo lokhala chete silinkawakhudza. Amayi okha ndi amene anali omangidwa pakamwa. Perla anafiira, analoza kumwamba ndi chivundikiro, milomo ikugwedezeka popanda mawu. Tehila anatseka maso.

Ndipo Mayi Zohara yankho anali nalo. Linabwera lokha, lathunthu, lakupsa bwino, yankho lokoma kuposa onse amene anayankhapo munthu chibadwire, loti tauni ikanalibwereza mpaka kwa adzukulu. Linafika pakhosi, linafika palilime. Dzanja lawo linadzuka lokha pamwamba pa tebulo, chikhatho chitatambasuka, ndipo amayi onse anadikira kuti limenye.

Anameza. Amene anali pafupi amati anamva kumezako.

Anadzutsa maso pang'ono, n'kuona kuseri kwa timabowo mthunzi wa munthu atagunditsa khutu pa thabwa. Kakhalidwe kameneko ankakadziwa bwino, mpaka kupweteka kwake kwa khosi. Mkwiyo unawathera, anamumvera chisoni munthuyo. Anatsitsa dzanja, anabwezera maso pa mpukutu, n'kukokanso mpweya. Tehila anapukusa mutu kuwachenjeza, koma iwo sanamuyang'ane. Anayambiranso mayina aja ndi mawu awo enieni, a kumsika aja.

Mawindo ananjenjemera. Loyamba, lachiwiri, lachitatu, wogulitsa nyama amene anaima panja pa zenera anavula chipewa n'kuchivalanso. Pofika lachisanu ndi chimodzi nkhope inali itafiira. Pa lachisanu ndi chitatu anagwira m'mphepete mwa tebulo ndi manja awiri, m'maso mukuchita mdima. Lachisanu ndi chinayi linatuluka mokwekwereza. M'chifuwa munalibenso kanthu, amayi onse anali atasiya kupuma nawo, Perla atakumbatira chivundikiro chake. Lakhumi linatuluka ngati kulira kwa chitseko chosowa mafuta, koma linatuluka lonse, mpaka chilembo chomaliza, pa mpweya womwewo.

Palibe akanatha kunena kanthu, choncho anamenya zivundikiro ngakhale kuti pamenepo si pomenyera. Mayi Zohara anamaliza gawo lawo misozi ikutsika, akubweza mutu kumbuyo kuti isadonthere pa mpukutu wa apongozi awo. Anali osangalala moti anachita mantha.

Pobwerera kunyumba msewu unali wodzaza ana ovala ngati mafumu ndi zigawenga, atanyamula mbale za makeke zopita kwa anansi. Bambo Amram ankayenda atakumbatira mpukutu, Mayi Zohara atanyamula chikwama cha zivundikiro. Anadutsa sunagoge wa Atunisiya bamboyo osanenapo chilichonse, chinthu chimene chinali chisanachitikepo.

"Munafika pa lakhumi," anatero kenako.

"Ndinafika."

"Lomalizalo munalikoka pang'ono."

"Amram."

"Ayi, linamveka. Lanu lokhalo ndi limene linamveka." Anayenda pang'ono. "Kumwamba kuja munthu sumva kanthu, Zohara. Mawu amathera m'matabwa. Fani ija ikulira pamutu, pansi ukungoona timitu tikugwedezeka. Ine ndimayesa kuti ndagontha."

"Simunagonthe."

"Kumakhala choncho Sabata lililonse?"

"Lililonse."

"Zaka zonsezi? Nanga bwanji simunanene?"

Mayi Zohara anaima pakati pa msewu, anatula chikwama pansi.

"Ndinkanena, abambo. Ndinkafunsa Perla kuti kodi afika pati. Perla sakudziwa, afunsa wa pambali pake, nayenso sakudziwa. Tikatopa kufunsana, ndiye timayamba za mtengo wa tomato, poti munthu wavala bwino, wakwera masitepe, sungangokhala ngati thumba. Kawiri konse ndinafuula kuti kwezani mawu. Inu munamva mawu a mkazi, simunamve zimene ankanena."

Mwana wina wovala ngati mkango anawagunda Bambo Amram mwendo n'kudutsa, iwo osamuona. Anasinthira mpukutu kudzanja lina, anawerama ndi mawondo awo odwalawo, n'kunyamula chikwama cha zivundikiro chija. Chinkalira ngwengwengwe njira yonse mpaka kunyumba, anthu akuwayang'ana, koma sanachitule.